KOMPYUTA IKAUMA POZULA FULASHI SIINAFE: IDIKIRA YANKHO

KASENENGWA — Kale zolembedwa za m'mudzi zinali kusungidwa m'buku la cikuto colimba, lomangidwa ndi kamphira, lobisidwa m'sutikesi pansi pa bedi la mlembi. Adani a bukulo anali ciswe, makoswe ndi denga lodontha. Lero maina a mamembala a kopaletivu, zotsatira za mayeso a ana a sukulu, makalata ofunsira nchito ndi zithunzi za ukwati, zonse zilowa m'kacipangizo kocepa ngati cala kochedwa fulashi, kapena m'kabokosi kokulirapo kochedwa hadi disiki. Zipangizo zimenezi ciswe sicizidya, koma dzanja lofulumira lingazithe m'kamphindi.

Dandaulo limene limveka kawiri-kawiri m'masukulu, m'maofesi ndi m'timashopu tosindikiza makalata ndi ili: munthu azula fulashi kapena disiki pa kompyuta, kenaka akumbukira kuti waiwala failo imodzi, naisomekanso. Pomwepo makina auma. Kamubvi kasanduka kamkombero kozungulira kosaleka, zenera liyera ngati lathiridwa phulusa, ndipo pamwamba paoneka mau a Cingerezi akuti "Not Responding", kutanthauza kuti pulogramu siikuyankha. Ena amenya makina ndi cikhatho. Ena azula ndi kusomeka kasanu konse. Ambiri angozimitsa pa khoma. Macitidwe amenewa ndiwo asandutsa bvuto la mphindi imodzi kukhala kutayika kwa nchito ya caka cathunthu.

Nthawi zambiri kompyuta yotere siinafe, ndipo palibe amene wailodza. Iri kudikira yankho kucokera ku cipangizo cimene cacoka cosatsazika.

FULASHI NDIYE MTENGA-MAKALATA

Boma la Kasenengwa linapatulidwa ku Chipata mu 2018, koma anthu ake akali kuyang'ana ku mzinda wa Chipata, likulu la Cigawo ca Kum'mawa, pa zinthu zambiri monga mabanki ndi mashopu okonza makina. Makompyuta anayamba kuculuka m'masukulu pamene Unduna wa Zamaphunziro unaika phunziro la kompyuta m'Giredi 8 mu 2014. Makolo ambiri akumbukira mayeso oyamba a Giredi 9 a mu 2015, pamene m'masukulu ena a dziko lino ana analemba kufikira pakati pa usiku cifukwa makina anali owerengeka ndipo magetsi anali kuzima-zima. Ku mbali ya zaumoyo, pulogramu ya SmartCare yosunga mbiri ya odwala inagwira nchito zaka zambiri m'makiliniki opanda intaneti, ndipo ziwerengero zinali kunyamulidwa pa fulashi kupita nazo ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Alimi nao anaona maina ao akulowa m'makina pamene thandizo la feteleza la FISP linayesa makhadi a e-voucher m'nyengo ya 2015/2016, ndi pamene kaundula wa ZIAMIS anayamba nchito m'nyengo ya 2017/2018.

Kumene netiweki ibvuta ndipo intaneti idya ndalama, fulashi ndiye mtenga-makalata. Icoka ku Chiparamba kapena ku Mtenguleni m'thumba la mphunzitsi, ikwera njinga yamoto, ikalowa m'kompyuta ya mu ofesi, ipitanso kwa mnyamata woika nyimbo pa msika wa Kapata, ndipo madzulo iri m'wailesi pa khonde. Kacipangizo kamodzi kasomekedwa ndi kuzulidwa kangapo pa tsiku m'makina osiyana-siyana, ndipo kawiri-kawiri ndiko kokha kamene kasunga zolembedwazo.

Kucepa kwake kunyenga anthu kuti nkanthu kamasewera. Hadi disiki yoyamba, imene kampani ya IBM inatulutsa mu 1956, inali kulemera pafupi-fupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a cimanga, koma inali kusunga mamegabaiti osapitirira 5, malo a cithunzi cimodzi kapena ziwiri za pa foni ya lero. Mafulashi oyamba ogulitsidwa m'mashopu mu 2000 anali a mamegabaiti 8. Fulashi ya magigabaiti 16, imene lero igulidwa ngati sopo, iposa amenewo kuwirikiza 2,000. Ikaonongeka, zotayika nazo ziculuka motero.

CIMENE CICITIKA M'KATI

Aliyense amene anagulitsapo cimanga pa depoti adziwa mmene kalaliki acitira mzere ukatalika. Salemba thumba lirilonse m'buku lalikulu nthawi yomweyo ai. Ayamba walemba pa kapepala, nauza mlimi kuti zatheka, ndipo asamutsira m'buku akapeza mpata. Kompyuta icita cimodzi-modzi. Pofuna kufulumira, isunga zina mwa zolembedwa m'cikumbumtima cake ca kanthawi, nionetsa pa galasi kuti kukopa kwatha, pamene kweni-kweni ikali kuzitsanulira m'disiki pang'ono-pang'ono. Wozula disiki pa nthawi imeneyo afanana ndi munthu wolanda buku lalikulu kalaliki ali ndi colembera m'manja.

Ndipo zolembedwa ziri pawiri. Pali failo yeni-yeniyo, ndiponso pali mndandanda wosonyeza pamene failo iriyonse igona m'disiki. Ngati disiki yazulidwa failo italembedwa koma mndandanda usanakonzedwe, failoyo irimo koma palibe njira yoifikira. Ngati mndandandawo ndiwo wadulidwa pakati, disiki yonse ingaoneke yacilendo, ndipo kompyuta ifunsa funso loopsa lija lakuti disiki ifufutidwe ndi "Format".

Tsono kuuma kubwera bwanji? Kompyuta ikatumiza pempho ku disiki nkusayankhidwa, siifulumira kunena kuti disiki yafa, pakuti ngakhale disiki yathanzi icedwa nthawi zina. Makina oyendera Linux adikira masekondi 30 pa pempho limodzi, ndipo a Windows angadikire kufikira mphindi yathunthu. Nthawiyo ikatha atumizanso pempho lomwelo, nadikiranso. Pulogramu imene inatuma pemphoyo ikhala ciimire mpaka yankho libwere, ndipo nthawi zina siitheka ngakhale kuitseka.

Pozula mwadzidzidzi, kompyuta iyenera kuuza pulogramu iriyonse imene inagwira disikiyo kuti itaye. Ngati imodzi icedwa kutaya, mlandu wa disiki yocokayo ukhala wosatha. Munthu akasomekanso msanga, disiki yobwerayo ipeza mzere wosayenda, monga pa cigayo pamene thumba limodzi latsamwitsa makina ndipo amai onse okhala pambuyo angokhala pa zidebe zao. Kusomeka ndi kuzula mobwereza kungoonjeza matumba pa mzere womwewo.

Cimene cicititsa kuti makina onse aoneke akufa ndi pulogramu imodzi yochedwa Windows Explorer. Iyo ndiyo itsegula mafoda, ndiyonso ijambula mzere wa pansi pa galasi ndi tizithunzi tonse todinapo. Ikaima kudikira disiki, zonse zimene munthu aziona ziima nayo pamodzi, ngakhale kuti m'kati mtima wa makina ukali kugunda bwino-bwino.

POYAMBA, MANJA M'THUMBA

Mankhwala oyamba ndi obvuta kumwa kwa munthu amene galimoto yopita ku tauni ikumuyembekeza: kuleka kudina ndi kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu. Kudina kulikonse ndi pempho latsopano pa mzere wautali kale. Podikirapo munthu ayang'ane kanyale ka pa fulashi kapena pa disiki. Ngati kaphethira, nchito ikali kucitika m'kati ndipo kuzula nkoletsedwa.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati makina ali moyo. Batani la Caps Lock liri ndi kanyale kake pa makiyibodi ambiri. Likadinidwa kanyale nkuyaka ndi kuzima, mtima wa kompyuta ukali kumva, ndipo couma ndi pulogramu cabe. Pamenepo mabatani atatu, Ctrl, Shift ndi Esc, odinidwa pamodzi atsegula zenera la Task Manager. M'menemo munthu afune dzina la Windows Explorer, alisankhe, nadine "Restart". Galasi lithima kamphindi nkubwerera, ndipo kalata imene inali kulembedwa m'pulogramu ina siitayika. Cinthu coyamba kucita makina akatsitsimuka ndico kusunga kalatayo m'kompyuta mweni-mweni, osati pa disiki yokaikitsayo.

Zonsezi zikakanika, ndipo Caps Lock nayo yakhala cete kwa mphindi zingapo, ndiye kuti nthawi yakwana yogwira batani loyatsira kwa masekondi angapo mpaka makina azime. Imeneyi ndi njira yotsiriza, osati yoyamba monga ambiri acitira. Disiki izulidwe makina atazima, ndipo ayatsidwe yopanda disikiyo.

Pano pali msampha umene ugwira ngakhale aphunzitsi a kompyuta. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, lamulo la "Shut down" pa makina ambiri silizimitsa zonse kotheratu. Lisunga mbali ya cikumbumtima kuti mawa makina adzayake msanga. Motero cisokonezo ca dzulo cingadzuke pamodzi ndi makina. Lamulo la "Restart" ndilo lisesa nyumba yonse. Amene makina ake apitiriza kukana fulashi iriyonse pambuyo pa kuuma, ayese limeneli asanalipire ndalama ya ulendo wa ku Chipata.

MBONI IMODZI PA NTHAWI IMODZI

Kuuma kwa tsiku limodzi kungakhale ngozi cabe. Koma kukabwera nthawi iriyonse disiki ikazulidwa ndi kusomekedwanso, pali wolakwa amene ayenera kupezeka. Pa bwalo la Mfumu Madzimawe mlandu suzengedwa mboni zonse zikulankhula pamodzi, ndipo lamulo lomwelo ligwira nchito pano: kusintha cinthu cimodzi cokha, kuyesa, ndi kulemba pa pepala cimene cacitika. Wosintha nthambo, kabowo ndi kompyuta nthawi imodzi angacire, koma sadzadziwa cimene cinamudwalitsa.

Woyamba kufunsidwa ndi nthambo, pakuti ndiyo yochipa ndiponso yolakwa kawiri-kawiri. Nthambo ya hadi disiki ipindidwa m'cikwama tsiku ndi tsiku, ndipo timawaya take tiduka m'kati kunja kukuoneka bwino. Nthambo yotere igwira nkutaya, igwira nkutaya, ndipo kwa kompyuta zimenezi nzoipa kuposa kuzula kweni-kweni, cifukwa disiki siinacoke ndipo siinakhale. Kubwereka nthambo ina yaifupi kwa mnansi kuthetsa funsoli m'mphindi zisanu.

Kenaka kabowo kosomekamo. Mutu wa USB wa masiku onse, wa makona anai uja, unapangidwa kuti upirire kusomekedwa maulendo 1,500. Ciwerengero cimeneci cioneka cacikulu, koma pa kompyuta ya sukulu imene ilandira mafulashi khumi pa tsiku cikwana caka cisanathe. Kabowo kotopa kagwedera, ndipo fumbi la October ndi cinyezi ca m'dzinja ziikamo litsiro ndi dzimbiri. Kakhale koyesedwa ndi fulashi ina yodziwika kuti njabwino, ndipo disiki yokaikitsa iyesedwe m'kabowo kena.

Mlandu waukulu m'midzi, komabe, ndi wa magetsi, ndipo uyenera kumveka bwino. Kabowo ka mtundu wa USB 2.0, umene unabwera mu 2000, kapereka mphamvu ya mamiliampu 500. Ka mtundu wa USB 3.0 wa mu 2008, kamene kawiri-kawiri kali ndi kalilime ka buluu m'kati, kapereka 900. Fulashi ikhuta ndi zocepa, pakuti mulibe cozungulira. Koma m'hadi disiki muli mbale zimene zizungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndipo kuziyambitsa kufuna mphamvu yoposa yoziyendetsa zitayamba. Woyendetsa ngolo adziwa kuti ng'ombe zibvutika kwambiri pa kukoka koyamba, ngolo yodzaza ikali ciimire. Ngati kabowo sikakwanitsa kukoka koyambako, disiki iyamba kuzungulira, ifooka, izima, iyambanso. Kompyuta iiona ikubwera ndi kucoka, ndipo iuma pakati pa kulonjera ndi kutsazika. Zizindikiro zake ndi kulira kwa kabelu ka kompyuta mobwereza-bwereza ndi kaphokoso kakuti the-the-the m'kabokosi.

Apa mankhwala ndi osadula. Pa kompyuta ya pa thebulo, timabowo ta kumbuyo tiri pa bolodi leni-leni la makina ndipo ndi todalirika kuposa ta kutsogolo, timene tidzera pa timawaya tating'ono. Laputopu ikhale pa chaja. Kabokosi kogawira timabowo, kamene ena asomekapo mausi, foni yochaja, modemu ndi disiki pamodzi, kacotsedwe, pakuti zonsezo zidyera m'mbale imodzi. Ngati nkofunikadi, pagulidwe kamene kali ndi nthambo yake ya magetsi. Nthambo zotalikitsira zochipa nazo zimwa mphamvu pa njira.

Madisiki akulu okhala ndi pulagi yao-yao ali ndi ngozi ina. Magetsi akazima, laputopu ipitiriza ndi batire lake koma disiki ifa pomwepo, ndipo kumeneko nkuzula kopanda dzanja. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anatsika m'damu la Kariba ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilalaco kukhala tsoka la dziko m'mwezi wa February, magetsi a Zesco anafika pozima maola okwana 20 pa tsiku m'malo ambiri. Nyengo zotere zinaonekanso mu 2015 ndi 2019. Odalira magetsi a dzuwa nao asadzinyenge: batire likafooka madzulo, kapena wina akayatsa cipangizo colemera pa inveta yaing'ono, mphamvu igwa kamphindi, ndipo kamphindi kameneko nkokwanira. Kukopa zinthu zazikulu kucitike masana dzuwa liri pamutu.

Palinso kusunga magetsi kopitirira muyeso. Windows igoneka timabowo timene taleka nchito kwa kanthawi kuti batire licedwe kutha, ndipo madisiki ena sadziwa kudzuka bwino. Ngati kuuma kubwera maka-maka pamene disiki yakhala osagwiritsidwa nchito, kapena laputopu itangotsegulidwa kucokera m'tulo, woyang'anira makina alowe mu Power Options nathimitse "USB selective suspend". Angalowenso mu Device Manager, pa maina akuti USB Root Hub, nacotse cizindikiro colola kompyuta kuzimitsa cipangizo. Batire lidzatha msanga pang'ono. Umenewo ndi mtengo wocepa.

Za mapulogramu zinenedwe mwacidule. Disiki ikangolowa, oteteza ku tizirombo aithamangira kuifufuza, Explorer ayamba kukonza tizithunzi ta mafilimu ndi nyimbo zonse ziri m'menemo, ndipo pa makina akale ocita kupatsidwa, onsewo aphana pa khomo limodzi. Oteteza awiri pa kompyuta imodzi ndi atambala awiri m'khola limodzi, mmodzi acoke. Njira yoyesera ndiyo kuyatsa makina mu Safe Mode, mmene mapulogramu oonjezera sadzuka: disiki ikalowa ndi kutuluka mwamtendere m'menemo, wolakwa ndi pulogramu. Kudziwikenso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu January 2020 ndi Windows 10 mu October 2025, kotero makina otsalira pa izo sayenera kuyembekeza kukonzedwa kwa zolakwa zotere kucokera kwa eni ake.

DISIKI YODWALA

Pali ciweruzo cimodzi cosafuna katswiri. Ngati disiki yomweyo, ndi nthambo yabwino, iumitsa makompyuta awiri kapena atatu osiyana, ndipo makinawo atsitsimuka disiki ikangocoka, ndiye kuti disikiyo ikudwala. M'mbale zake muli malo oonongeka, ndipo iyesa kuwerenga malo amodzi kambiri-mbiri pamene kompyuta iri kudikira. Kugwa kamodzi kucokera pa thebulo mbale zikuzungulira, kapena maulendo ambiri m'cikwama pa mseu wa mabampu, zingayambitse zimenezi.

Kompyuta iri ndi buku lake la milandu lochedwa Event Viewer, ndipo pa tsamba la System ilemba dandaulo lirilonse ndi nambala ndi nthawi yake. Nambala 157 inena kuti disiki inacoka modzidzimutsa. Ikaoneka pa nthawi imene palibe anaikhudza, nthambo, kabowo kapena magetsi ndiwo ali pa mlandu. Nambala 153 inena kuti pempho linatumizidwanso cifukwa loyamba silinayankhidwe. Nambala 7 ndiyo yoipa: disiki iri ndi malo oola. Pulogramu yaulere ya CrystalDiskInfo iwerenga mbiri ya thanzi imene hadi disiki idzisungira yokha, nionetsa cenjezo lacikasu kapena lofiira.

Disiki yotere isapatsidwe nchito yolemetsa. Ambiri, poona uthenga wakuti "Scan and fix", abvomera msanga. Pa fulashi yathanzi imene inangozulidwa molakwa, kukonza kumeneko kuthandiza. Pa disiki yodwala kungakhale kuthamangitsa wodwala malungo, ndipo kungadule mafailo kukhala zidutswa zopanda maina zoponyedwa m'foda yochedwa FOUND.000. Dongosolo labwino nlakuti ayambe akopedwa mafailo ofunika koposa, mndandanda wa alimi, zotsatira za mayeso, makalata a munda, limodzi-limodzi. Nyimbo ndi mafilimu zidikire, pakuti zimenezo zipezekanso pa msika. Ndipo funso la "Format" liyankhidwe ndi "Cancel" nthawi zonse pamene m'kati mukali cinthu cofunika.

Mafulashi ena abadwa odwala. Alipo acinyengo amene alembedwa magigabaiti 64 kapena 128 koma m'kati muli malo a 8 cabe. Poyamba agwira bwino, ndipo bodza liululika pamene malo eni-eni adzaza: kukopa kuima, makina auma, ndipo mafailo atsopano atuluka opanda kanthu. Mtengo wochipa modabwitsa ndiwo cenjezo loyamba. Pulogramu yaulere ya H2testw idzaza fulashi yonse ndi kuiwerenganso, ndipo kuyesa kumeneku kuyenera kucitika fulashi ikali yatsopano ndi yopanda kanthu.

KUTSAZIKA

Mlendo wa ulemu sacoka pa mudzi osatsazika, ndipo kwa disiki kutsazika ndiko lamulo la "Eject", kapena kacizindikiro ka "Safely Remove Hardware" kumunsi kwa galasi ku dzanja lamanja. Lamuloli liuza kalaliki uja kuti asamutse zonse za pa kapepala, liuza mapulogramu kuti ataye, ndipo pokhapo libweza uthenga wakuti disiki ingacoke. Pa hadi disiki nkwabwino kudikiranso mpaka kunjenjemera kwa mbale kuleke m'dzanja. Wofuna kusomekanso awerenge pang'ono-pang'ono kufikira khumi.

Acinyamata ena atsutsa kuti kutsazika nkwacikale. Ali ndi mbali ya coonadi. Mu 2019 Microsoft inalengeza kuti kuyambira pa Windows 10 ya nambala 1809, zipangizo zakunja ziikidwa pa dongosolo la "Quick removal", limene lilemba zinthu m'disiki mosasungira za mtsogolo. Koma dongosololi siliteteza munthu wozula kukopa kuli m'kati, kapena kalata ikali yotsegula. Silikhudzanso makina a Linux, a Mac, kapena memori kadi ya m'foni, imene nayo iri ndi lamulo lake loitulutsira. Pa kompyuta ya eni ake munthu sadziwa mmene inaikidwira. Masekondi asanu a kutsazika ndi ocepa poyerekeza ndi kuitananso alimi 200 kuti adzalembetse kaciwiri.

Nthawi zina kompyuta ikana, niti cipangizo cikali pa nchito. Kumeneko si kuuma mtima ai, ndi cenjezo loona. Mazenera onse atsekedwe, coimbira nyimbo cizimitsidwe, ndipo ayesenso. Event Viewer, pa nambala 225, ichula dzina la pulogramu imene yakakamira. Ngati dzinalo ndi lacilendo, ndipo mafoda a pa fulashi asanduka tizithunzi tokhala ndi kamubvi pa ngodya, ndiye kacirombo kofala m'mashopu osindikiza kaja. Mafailo sanafufutidwe koma abisidwa, ndipo tizithunzito tisadinidwe. Zonse zikakanika, kuzimitsa kompyuta mwa dongosolo ndi kuzula itazima ndi njira yopanda ngozi.

Nkwanzerunso kulekanitsa fulashi ya nyimbo ndi ya nchito. Mawailesi ambiri awerenga kalembedwe ka FAT32 kokha, kamene kalibe kabuku kokumbutsa pamene nchito inalekezera, kotero kaonongeka msanga kakadulidwa pakati. Kalembedwe ka NTFS kali nako kabukuko ndipo kapirira bwinopo, ngakhale kuti wailesi siikadziwa. Komiti ya kopaletivu kapena ya makolo ndi aphunzitsi imene igula buku la ndalama caka ndi caka siingalephere kugula mafulashi awiri a mlembi, imodzi yoyenda nayo, ina yokhala kwa msungi-cuma, yokopedwamo pa msonkhano uliwonse. Mndandanda wosindikizidwa pa pepala ukhalenso m'sutikesi muja.

Disiki ikafika poti ipite kwa okonza ku Chipata, ipite pamodzi ndi nthambo yake ndi pepala lija lolembapo zimene zinayesedwa, manambala a mu Event Viewer ndi tsiku limene bvuto linayamba. Mwini wake anene poyera, makina asanakhudzidwe, kuti cofunika ndi zolembedwa osati kabokosi, ndi kuti pasakhale kufufuta kulikonse iye asanabvomere, pakuti njira yofulumira yocititsa disiki kuonekanso ndiyo yomweyo imene icotsa zonse. Anyamule fulashi ina yolandirira zopulumutsidwa, ndipo mtengo upanganidwe nchito isanayambe. Ngati m'disikimo muli manambala a zitupa za NRC ndi a mafoni a mamembala, kapena mbiri ya odwala, lamulo la Data Protection Act la mu 2021 liika udindo wozisamala pa wozisunga. Motero mlembi akhale pomwepo pamene zikopedwa, naone ndi maso ake kuti zotsala pa kompyuta ya m'shopu zafufutidwa asanakwere galimoto yobwerera kumudzi.